Funsani a Kochi: Ndabwera ku ulendo, sikelo yakwera ndipo keto yasokonekera

Mwezi uno makalata angapo afika okamba nkhani imodzimodzi, anthu abwera ku maulendo ataliatali ndipo akusowa poyambira, kaya ndi pa mafizo kaya ndi pa kadyedwe kaja kamafuta ambiri ma carbs (zakudya zasitachi ndi za shuga) ochepa komwe ena amati keto ena amati low carb. Ndasankhapo anayi, ena ndawafupikitsa pang'ono kuti akwane.

FUNSO: A Kochi, ine ndakhala pa keto miyezi isanu ndi iwiri ndipo zimandiyendera bwino, ndinatsika makilo 11 ndipo ku jimu ndimapita kanayi pa sabata. Nde kuntchito ananditumiza kunja masiku 12, ndege yokha maola 14 osawerengera kudikira pa eyapoti, ndipo kumeneko zakudya zinali za pa hotela ndi za pa misonkhano, buledi, mpunga, makeke, majuwisi, ndinayesetsa masiku awiri oyamba kenako ndinangozitaya. Ndafika dzana, ndakwera pa sikelo yandionetsa kuti ndaonjezera makilo atatu ndi theka, mtima wandiwawa zedi. Ndikuganiza zosala kudya masiku atatu madzi okhaokha uku ndikupita ku jimu mmawa ndi madzulo kuti ndibweze zomwe zaonongekazi. Mukuona bwanji? Chinanso tulo sitikubwera mpaka cha mma 3 koloko usiku, pobwerera tinalowera chakummawa ndipo nthawi ikusiyana maola 6 ndi komwe ndinali.
Bambo wa zaka 34

YANKHO: Achimwene pepani ndithu, zimawawa munthu utalimbikira miyezi yonseyo kenako sikelo nkukuonetsa nambala yoteroyo. Koma tiyeni tiwerengere limodzi musanapange chilichonse. Kilo imodzi ya mafuta a mthupi imasunga ma calorie pafupifupi 7,700, nde kuti munthu aonjezere mafuta enieni makilo atatu ndi theka pamafunika ma calorie ngati 27,000 opitirira pa zomwe thupi likuwotcha, tikagawa pa masiku 12 ndiye kuti tsiku lililonse mumadya ma calorie oposa 2,200 pamwamba pa chakudya chanu cha nthawi zonse, tingoti kudya gawo la anthu awiri akuluakulu tsiku ndi tsiku osapumira. Sindikukhulupirira kuti munafika pamenepo. Kamafuta pang'ono mwina kalowa inde, koma zambiri zomwe mukuona pa sikelopo ndi madzi.

Zimachitika chonchi. Thupi limasunga shuga mminofu ndi mchiwindi, shuga wosungidwayo amatchedwa glycogen, munthu wamkulu amatha kusunga magalamu ngati 400 mminofu ndi ena 100 mchiwindi, ndipo galamu iliyonse imagwira madzi pafupifupi magalamu atatu. Mukakhala pa keto nkhokwe imeneyi imakhala yotsika, nchifukwa chake sabata yoyamba ija mutangoyamba keto makilo anagwa mofulumira, mukukumbukira eti, ambiri anali madzi omwewa akutuluka. Pano mwadya mpunga ndi buledi masiku khumi, nkhokwe yadzadzanso, madzi abwerera pamalo pake, apa pokha pali kilo imodzi ndi theka mwina mpaka awiri. Komanso ma carbs akakweza insulin, hormone yoyendetsa shuga wa mmagazi ija, impso zimagwira mchere osautaya, pomwe zakudya za mu ndege ndi pa hotela mchere umakhala wambiri kale, ndipo pomwe pali mchere madzi sachokapo. Kenako maola 14 muli pampando miyendo ili lende, mapazi amatupa, nanga anthu ambiri paulendo amadzimbidwanso, mmimba mumakhala katundu wa masiku awiri atatu. Sikelo imangophatikiza zonsezi, siisiyanitsa. Ibiseni sabata imodzi yathunthu.

Za kusala masiku atatu uku mukupita ku jimu kawiri patsiku, ayi achimwene, ine ndakana. Ndaonapo anthu akupanga zimenezi ndipo mathero ake amafanana, tsiku lachitatu usiku munthu amapezeka ali pa furiji akudya chilichonse chomwe wachipeza, mmawa nkudzida kuposa poyamba. Thupi lanu panopa silinagone bwino, lauma ndi mpweya wa mu ndege umene chinyezi chake chimatsika mpaka kuchepera 20 peresenti, ndipo wotchi yake yasokonekera. Mukalimana chakudya nkulisenzetsanso zitsulo mungokolola chizungulire kapena kuvulala msana basi.

Yambani ndi tulo. Wotchi ya mthupi imasuntha pafupifupi ola limodzi patsiku, nde pa maola 6 yembekezerani masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo ulendo wolowera kummawa umavuta kuposa wakumadzulo chifukwa wotchi yathuyi mwachibadwa imatalikirapo pang'ono kuposa maola 24, kuchedwa kugona sikuvuta koma kufulumira kugona nde ntchito. Inu ikamakwana 3 koloko usiku thupi likuona ngati ndi 9 koloko madzulo a komwe munali kuja. Chomwe chimakoka wotchi imeneyi ndi kuwala. Muzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse olo mutagona mochedwa, masiku oyambawa tulukani padzuwa mphindi 30 cha mma 10 kapena 11 koloko kenako muzifulumirako ola limodzi tsiku lililonse, usiku chepetsani magetsi ndipo foni ikhale patali, kofi azithera masana chifukwa theka la caffeine limakhala likadali mmagazi patatha maola asanu. Mukayamba kuwodzera masana gonani mphindi 20 basi osapitirira.

Ndikulimbikira pa tulo chifukwa ambiri keto imawagonjetsera pamenepa iwo osadziwa. Mu 2004 akatswiri a pa University of Chicago anatenga anyamata 12 athanzi nkuwalola kugona maola anayi okha mausiku awiri, anapeza kuti ghrelin, hormone yoitana njala ija, inakwera, leptin yomwe imauza ubongo kuti takhuta inatsika, ndipo zomwe anyamatawo ankalakalaka kwambiri zinali zotsekemera ndi zasitachi. Nde usiku mtima ukamafuna bisiketi musamadzione ngati wolephera, ndi tulo tomwe mukusowato.

Pa chakudya yambirani pa mbale yotsatira, osadikira Lolemba. Bwererani pa magalamu 20 mpaka 50 a ma carbs patsiku ngati mmene mumachitira, ndipo kwa anthu ambiri pamatenga masiku awiri mpaka anayi kuti thupi liyambenso kupanga ma ketone, aja amapangidwa thupi likamawotcha mafuta mmalo mwa shuga. Sabata imeneyi musawerenge ma calorie, idyani mpaka mukhute, mazira, nyama, nsomba, masamba ambiri, mapeyala, batala kapena mafuta a olivi, mtedza pang'ono. Ntchito ya sabata ino ndi kuchotsa ma carbs basi, kuchepetsa chakudya zidzabwera mtsogolo ngati zidzafunike nkomwe. Machokoleti ndi mabisiketi omwe abwera mu sutikesi agaweni lero lomwe. Ndipo insulin ikatsika impso ziyamba kutaya mchere ndi madzi aja, mpamene mutu umawawa, thupi kufooka, minofu kukokana usiku, ija amati keto flu, nde imwani madzi, thirani mchere pang'ono wowonjezera mzakudya kapena imwani kapu ya msuzi wa mafupa, pokhapokha ngati muli ndi BP kapena vuto la impso, apo funsani kaye adokotala.

Ku jimu, masiku awiri atatu oyamba ingoyendani mphindi 30 mpaka 40, ndipo mutha kuphatikiza ndi dzuwa lija. Kenako lowani, nyamulani theka la zomwe mumanyamula. Zina zonse za jimu werengani yankho lotsatirali, likukukhudzani nanunso.

FUNSO: Zikomo a Kochi. Ine ndimathamanga makilomita 10 katatu pa sabata komanso ndimanyamulako zitsulo. Ndinachokapo milungu isanu kukasamalira mbale wanga amene amadwala kutali, ulendo wa masiku awiri pa basi kupita ndi awiri kubwera, ndipo konseko sindinapange mafizo olo tsiku limodzi, low carb yanganso inaima chifukwa ndimadya zomwe zaphikidwa. Dzulo ndayesa kuthamanga, pa kilomita yachitatu ndinali wefuwefu mtima ukugunda ngati utuluka, ndinaima nkubwerera ndikuyenda. Kodi zonse zomwe ndinalimbikira zaka ziwiri zapita?
Mayi wa ana awiri

YANKHO: Achemwali sizinapite, ndipo munachita bwino kukakhala ndi wodwala wanuyo, mafizo amadikira. Chomwe chimayamba kutsika munthu ukasiya kuthamanga ndi mpweya, ndipo chifukwa chachikulu mmasabata oyambawo ndi choti gawo lamadzi la magazi, lija amati plasma, limachepa, nde mtima ukagunda kamodzi ukutumiza magazi ochepa kusiyana ndi kale, umayenera kugunda mofulumira kuti ukwanitse ntchito yomweyo. Kugunda komwe munamva pa kilomita yachitatu nkumeneko. Chosangalatsa nchakuti plasma imabwereranso msanga mukangoyambiranso, patatha sabata imodzi kapena ziwiri mudzamva kusintha. Mphamvu zonyamulira zitsulo sizithawa msanga chomwecho, milungu itatu yoyamba zimakhala zili pafupifupi chimodzimodzi, pa milungu isanu zatsikako pang'ono chabe, ndipo minofu yomwe inazolowera kale ntchito imabwerera mwachangu kuposa mmene inamangidwira poyamba.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna muchimvetse chifukwa mukuyambiranso zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mukadula ma carbs, milungu yoyamba thupi limakhala lisanazolowerenso kuwotcha mafuta bwinobwino pomwe glycogen yatsika kale, nde kuyenda ndi kuthamanga pang'onopang'ono zimatheka koma liwiro, mitunda yokwera ndi zitsulo zolemera zimalema kuposa mmene ziyenera kukhalira. Ambiri apa amaganiza kuti thupi latha ntchito pomwe ndi kadyedwe kakusintha chabe. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha chimodzi chitsogole. Ngati chomwe chikukuwawani kwambiri ndi kuthamanga, yambani mwachotsa shuga, zakumwa zotsekemera ndi buledi, musiye ma carbs pang'ono ngati magalamu 100 patsiku kwa milungu iwiri miyendo ikubwerera, kenako muzitsika. Ngati chomwe mukufuna msanga ndi kadyedwe, dulani lero koma muvomere kuti milungu iwiri itatu muzithamanga mwaulemu.

Njira iliyonse yomwe mungasankhe, sabata yoyamba pangani makilomita anayi kapena asanu, mphindi zinayi kuthamanga imodzi kuyenda, pa liwiro loti mutha kulankhula ndi mnzanu osadukiza mawu, ndipo pakati pake muzisiya tsiku lopuma. Sabata yachiwiri 6 kapena 7, yachitatu 8, pofika yachinayi 10 yanu ija muiona. Zitsulo kawiri pa sabata, theka la kulemera kwakale, seti iliyonse muziimaliza mukumva kuti mukanatha kupanganso katatu kanayi. Mtima ndi mapapo zimabwerera msanga kuposa mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa, nde bondo ndi chidendene ndi zomwe zimalira munthu akathamangira kubwerera pa mlingo wakale. Kungokwanitsa mphindi 150 pa sabata za mafizo apakatikati ndi masiku awiri olimbitsa minofu mwafika kale pomwe bungwe la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu, nde musaone ngati sabata yoyambayo nja chabe.

Kuwawa kwa minofu tsiku lachiwiri mutapanga mafizo nkwachidziwikire, kumatha pakokha. Koma minofu ikatupa nkuwawa modabwitsa ndipo mkodzo nkuda ngati tiyi wopanda mkaka, imeneyo ndi rhabdomyolysis, minofu ikuphwanyika ndipo zinyalala zake zitha kuononga impso, thamangirani kuchipatala. Imakonda kugwira anthu ngati inu nomwe, olimba kale amene apuma nthawi kenako nkubwerera ndi mphamvu zonse tsiku loyamba.

FUNSO: A Kochi ndinakwera basi maola 16 sabata yatha, nditafika mwendo wakumanzere kumbuyo kwa msongolo kukuwawa, watupa kuposa unzake ndipo ukutentha. Anzanga aku jimu akuti ndi minofu yakokana chifukwa ndayambiranso keto, ndimwe madzi amchere ndikathamangeko kapena andisisite. Nditani?
Mnyamata wa zaka 29

YANKHO: Achimwene musathamange, asakusisiteni, pitani kuchipatala lero lomwe ndipo mukawauze adokotala za ulendo wa maola 16 umenewo. Kukokana kwa keto kumabwera nkupita, kawirikawiri usiku, ndipo sikutupitsa mwendo. Mwendo umodzi wotupa, wotentha, wowawa pambuyo pa ulendo wautali utha kukhala magazi oundana mu mtsempha wamkati, madokotala amati DVT, ndipo choopsa chake nchakuti chibuluma chamagazicho chikaduka chimakatseka mitsempha ya mmapapo, munthu utha kufa. Mu 2007 bungwe la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku wake wosonyeza kuti chiopsezo chimenechi chimawirikiza pafupifupi kawiri munthu akakhala pansi paulendo maola anayi kapena kuposerapo, kaya ndi ndege, basi, sitima kapena galimoto, ndipo chimakhalabe chokwera kwa milungu ngati inayi ulendo utatha. Mwina akakuyezani apeza kuti si zimenezo, zili bwino, koma woti anene ndi dokotala ndi makina ake osati anzanu aku jimu. Mukayamba kubanika, kumva kuwawa pachifuwa popuma kapena kutsokomola magazi musadikire kuti kuche.

Kwa ena nonse amene muli ndi maulendo mtsogolo, muziimirira nkuyendako pakatha ola limodzi kapena awiri ngati nkotheka, pampando pomwepo muzigwedeza mapazi mmwamba ndi pansi, muzimwa madzi, ndipo amene munadwalapo vutoli, amayi oyembekezera, amene mukumwa mapilitsi olera kapena mwangochitidwa opaleshoni kambiranani ndi adokotala musanakwere.

FUNSO: Mwana wanga Kochi, ine ndili ndi matenda a shuga zaka zisanu ndi zitatu, ndimamwa mankhwala komanso a BP. Chaka chatha ndinayamba low carb ndipo shuga anatsika bwino. Ndinapita kukaona zidzukulu kunja miyezi iwiri, kumeneko ndimadya chilichonse ndipo shuga atakwera adokotala akumeneko anandionjezera mankhwala. Pano ndabwera ndikufuna ndibwerere pa kadyedwe kanga kuyambira mawa. Ndingoyamba?
Agogo a zaka 61

YANKHO: Amayi, mwaganiza bwino kubwerera, koma chonde mawa likhale tsiku lokaonana ndi adokotala anu osati lodula ma carbs. Mankhwala omwe anakuonjezerani anawayeza molingana ndi mmene mumadyera kumeneko. Mukachotsa ma carbs mwadzidzidzi mankhwala ali pa mlingo womwewo, makamaka ngati ndi insulin kapena mapilitsi a gulu la glibenclamide ndi gliclazide, shuga atha kutsika mopitirira, thukuta, kunjenjemera, kusokonezeka mutu mpaka kukomoka. Palinso gulu lina la mankhwala, empagliflozin ndi dapagliflozin, aja otulutsa shuga mu mkodzo, amenewa akakumana ndi keto atha kubweretsa ketoacidosis, magazi kuchuluka asidi, pomwe kamakina kanu koyezera kakuonetsa shuga wabwinobwino, nde munthu suzindikira msanga. Tengani mabokosi onse a mankhwala, akale ndi atsopano omwe, adokotala akaone ndi maso awo mayina ndi milingo yake. A BP nawonso akawaunike chifukwa low carb imatulutsa mchere ndi madzi, BP itha kutsika nkumamva chizungulire poimirira, ndipo malangizo owonjezera mchere ndapereka kwa achimwene pamwambapa si anu ayi.

Anthu ambiri sadziwa kuti keto inayambira kuchipatala, Dr Russell Wilder wa ku Mayo Clinic ndi amene anaipatsa dzinali mu 1921 ngati chithandizo cha matenda a khunyu, ndipo odwala ake amayang'aniridwa ndi madokotala. Kwa munthu amene ali pa mankhwala ngati inu ine ndimaionabe chomwecho, ngati chinthu champhamvu chofunika wina aziyang'anira.

Adokotala akavomera tsikani pang'onopang'ono, sabata yoyamba chotsani zakumwa zotsekemera ndi makeke, yachiwiri chepetsani mpunga ndi buledi ndi theka, muziyeza shuga mmawa musanadye komanso patatha maola awiri mutadya nkumalemba mu kabuku kuti mukawaonetse, ndipo mthumba muzikhala ndi maswiti angapo kuchitira kuti shuga atha kutsika muli panjira. Mukatha kudya muziyendako mphindi 10 kapena 15, zimathandiza kwambiri kuti shuga asakwere. Popeza kadyedwe aka mafuta ndi ambiri, apempheni akuyezeninso cholesterol ndi impso panopa, kenako adzayezenso pakatha miyezi itatu, chifukwa kwa anthu ena cholesterol yoipa ija amati LDL imakwera ndithu, ndipo zikatero mudzachepetse batala ndi nyama yonona nkudalira kwambiri nsomba, mapeyala, mtedza ndi mafuta a olivi.